Futali Wopanda Nambala

Mu ufumu wa Mwadyanji nzeru zatsopano zimabwera pa ndege, m'chikwama cha Mfumu. Chaka chimenecho Mfumu Mlekeni Wachinayi inapita ku msonkhano wa mafumu kutsidya kwa nyanja, ndipo inabwerako ndi masuti awiri, chimfine, ndi mawu amodzi: kalori.

Mawuwo inawatola pa chakudya chamasana. Mfumu ina, yowonda ngati nsungwi, inaona ya ku Mwadyanji ikudzaza mbale yachitatu, ndipo inafunsa mwaulemu ngati kwawo amawerenga makalori. Mfumu Mlekeni inayankha kuti kwawo amawerenga chilichonse. Itabwerera kuchipinda inaitana womasulira n'kumufunsa kuti makaloriwo ndi chiyani.

Bwalo la nduna linakumana Lolemba. Woyankhula wamkulu anali a Kapalamula, Nduna ya Zam'mimba ndi Zina Zotero. Mawuwo anawamva koyamba Lamulungu madzulo, choncho pofika Lolemba anali katswiri.

"Mwini Dziko, nduna anzanga," anayamba motero, "kalori ndi kamphamvu kamene kamabisala m'chakudya. Sikaoneka, sikanunkha, koma kamawerengeka. Makolo athu ankadya mumdima. Munthu ankabadwa, kukula, kukwatira mpaka kufa osadziwa kuti wameza angati. Mdima umenewo watha lero. Akatswiri akunja apeza kuti munthu amafunika makalori zikwi ziwiri pa tsiku."

"Munthu wake uti?"

Anafunsa anali namwino wamkulu wa kunyumba yachifumu, Mayi Mwandira, amene anaitanidwa kuti mipando isaoneke yopanda anthu.

"Munthu, mayi," anatero a Kapalamula. "Munthu basi."

"Ndafunsa chifukwa pali woswa miyala, pali wolemba makalata, pali woyamwitsa. Nambalayo si yoipa, ifenso kuchipatala imatithandiza. Koma imangotiuza kuchuluka kwa nkhuni zosonkhera moto. Thupi limafunanso zomangira magazi ndi mafupa, ndipo zimenezo nambalayi sinena."

Nduna zinaomba m'manja. Mfumu inayamikira nzeru za mayiyo, ndipo pofika Lachitatu anali atakwezedwa pa udindo kukayang'anira chipatala cha ku Sindibwera, kumalire, kumene basi imapita ikakumbukira.

Lamulo linawerengedwa pa wailesi katatu patsiku. Munthu aliyense wa mu Mwadyanji adye makalori zikwi ziwiri pa tsiku, osapitirira, osaperewera, pakuti anthu onse ndi ofanana pamaso pa Mfumu. Chakudya chilichonse chogulitsa chikhale ndi nambala yake yolembedwa poonekera. Malo ogulitsa chakudya chopanda nambala atsekedwe. Panakhazikitsidwanso Bungwe Lowerengera Zam'mimba, lokhala ndi mabwana khumi ndi anayi komanso anyamata oyendera misika.

Ku msika wa Tilimbike anthu anamvetsera lamulolo pa wailesi ya wometa tsitsi. Litatha, bambo wina wogulitsa makala anafunsa kuti, "Zikwi ziwirizo azitipatsa, kapena tizizipeza tokha?"

"Azikuwerengera chabe," anayankha wometa uja.

"Ndiye ntchito yawo yapepuka. Kwathu angomaliza msanga."

Mumsikamo, pakati pa wokhoma zidebe ndi matelala, munali kanyumba kodyera ka Mayi Nankhoma. Anali ataphikamo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Munali mabenchi awiri, tebulo limodzi, ndi miphika ya futali wa mbatata, nyemba, bonongwe wotendera ndi usipa. Nyengo yake ikakwana pankakhalanso mapeyala. Kwa Nankhoma munthu sankasankha kukula kwa mbale. Nankhoma ankamuyang'ana akusamba m'manja, ndipo pomakhala pansi mbale yake inali itapakulidwa kale.

Woyendera msika wa Tilimbike anali Lufeyo Kachingwe, mnyamata wophunzira amene anakhala zaka zinayi akufuna ntchito asanaipeze iyi. Mayi ake ankagulitsa zitenje mumsika momwemo, ndipo Nankhoma anamudziwa asanamere mano. Anafika Lolemba ndi sikelo, mafomu, ndi buku lalikulu lochokera kunja.

"Mayi, ndabwera pa ntchito," anatero.

"Ndaona tayi, Bwana Lufeyo. Khala pansi."

"Futali ameneyu ali ndi makalori angati?"

"Wa ndani?"

"Futali, mayi. Mbale imodzi."

"Mbale ya ndani? Ya a Dafuleni, onyamula machila a Mfumu aja, ndimaunjika mpaka nyemba zigwere pa tebulo. Ya telala uyu ndimachepetsa mbatata n'kuchulutsa masamba, chifukwa amakhala pansi tsiku lonse ndipo shuga wayamba kumunong'oneza. Mtsikana wa tomato apo akuyamwitsa, ndiye ndimamuwonjezera nsinjiro ndi usipa. Iweyo ukufuna ya ndani?"

"Mumayeza ndi chiyani?"

"Ndimamuyang'ana munthuyo."

Lufeyo anafufuza pa fomu. Panali bokosi la sikelo, la kapu ndi la supuni. La kuyang'ana panalibe.

Anatsegula buku lija. Futali munalibe. Munali mbatata payokha ndi mtedza pawokha, choncho anaganiza zophatikiza.

"Nsinjiro mumathira zochuluka bwanji?"

"Mpaka zikwane."

"Nanga mbatata?"

"Ya mwezi uno ndi yamadzimadzi. Ya mwezi wa mawa idzakhala yaufa. M'bukumo alemba ya mwezi uti?"

Anayeza mbale zitatu, nawerengetsa mpaka bolopeni inatentha. Anapeza mazana anayi, mazana asanu ndi awiri, ndi chikwi chimodzi ndi zana.

"Mayi, ndikupempheni. Sankhani nambala imodzi, muilembe pakhomo, ndipo aliyense muzimupatsa chimodzimodzi. Ndikadzapeza mbale zosiyana Lachisanu, andipatsa loko."

"Ukadzabwera udzadye kaye," anatero Nankhoma. "Osamatseka khomo la munthu uli ndi njala."

Tisaname, Nankhoma anayesa. Analemba mazana asanu ndi awiri pa katoni ndi makala, nagula kapu yoyezera. Lachiwiri ndi Lachitatu aliyense analandira mofanana. A Dafuleni anamaliza mbale yawo, nakhala akuiyang'ana ngati munthu amene waperekeza mlendo ku basi. Telala anadya yonse poopa kutaya, kenako anagona pa makina, nasoka thumba la buluku la mwini wake mbali zonse zinayi. Mtsikana wa tomato sanadandaule, koma mwana wake anadandaula masana onse m'malo mwake. Lachinayi m'mawa Nankhoma anagwira kapu ija bwinobwino, koma atayang'ana nkhope ya woyamba kulowa, dzanja linabwerera ku ntchito yake yakale.

Lachisanu Lufeyo anabwera. Anayeza mbale ya a Dafuleni ndi ya telala, napumira m'mwamba. Anasamba m'manja, nadya monga anauzidwa, osafunsa nambala. Atatha anapukuta pakamwa, napepesa kawiri, n'kukhoma loko wa boma pachitseko.

Tsidya lina la njira zinthu zinkayenda bwino. Kumeneko kunali sitolo ya a Gwedeza, ogulitsa majigisi, mabisiketi, maswiti ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Katundu wawo yense anabwera kale ndi manambala kuchokera ku fakitale, osindikizidwa bwino kumbuyo kwa paketi. Bungwe linawapatsa satifiketi ya Sitolo Yathanzi, ndipo a Kapalamula anabwera okha kudzadula riboni. A Gwedeza anapachika chikwangwani chothandiza anthu: majigisi mapaketi asanu ndi limodzi, mabisiketi mapaketi awiri, mabotolo atatu, zonse pamodzi zikwi ziwiri ndendende. Munthu ankatha kumvera lamulo la tsiku lonse ataimirira pakhonde, asanamalize n'kupereka moni komwe.

Bungwe silinagone. Linapeza kuti peyala lili ndi makalori ambiri, choncho linaliika m'gulu la zipatso zoopsa. Mtedza unaikidwa m'gulu lomwelo. Bonongwe anapezeka kuti ali ndi makalori ochepa kwambiri, ndipo analengezedwa kuti ndi wotayitsa nthawi. Amayi a mapeyala anayamba kuwagulitsa mobisa pansi pa chitenje. Munthu ankadutsa akuyang'ana kumbali n'kunong'ona kuti, "Muli nawo akupsa?"

Patatha miyezi iwiri anthu a mu Mwadyanji anali ndi malilime achikasu. Ankadya zikwi ziwiri zawo, koma pofika teni koloko mimba zinali zikulira ngati sizinamve za lamulo. Ana anatuluka zilonda m'mbali mwa milomo. Ku zimbudzi za msika mzere unatalika, ndipo otuluka ankatuluka ndi nkhope za anthu amene apita ku ofesi ya boma n'kuuzidwa kuti abwerenso mawa. Alembi a m'maofesi anaboola mabowo atsopano pa malamba awo kuti atalike, pamene akabaza anaboola awo kuti afupike. Onsewo ankadya nambala imodzi.

Ku bwalo la nduna a Kapalamula anapereka lipoti. Anthu makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi atatu pa zana lililonse ankadya molondola, ndipo awiri otsalawo ankafufuzidwa.

"Nanga ali bwanji anthuwo?" inafunsa nduna ina yokalamba, imene inali itangodzidzimuka ku tulo.

"Zimenezo ndi za unduna wina," anayankha a Kapalamula.

Bwalo linagwirizana kuti pakhale chikondwerero.

Masiku onsewa Nankhoma ankabwera ku msika m'mawa uliwonse, n'kukhala pa mpando kunja kwa chitseko chokhomacho, akuswa mtedza m'lichero. Sankagulitsa kanthu. Ankangolondera. Lamulo la msika linkati kanyumba kakakhala kotseka miyezi itatu kaperekedwe kwa wina, ndipo a Gwedeza anali atapempha kale kuti kakhale kosungiramo makatoni awo. Nthawi zina ankawoloka njira kudzayeza chitseko ndi chingwe.

"Musadandaule, mayi," ankatero. "Mabenchi ndidzakubwezerani."

"Zikomo, achimwene. Mudzasamale mutu, khomolo ndi lalifupi kwa anthu a satifiketi."

Chikondwerero chinagwa Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti miyezi itatuyo ikwane.

Mwambo wa ku Mwadyanji umati pa tsiku lalikulu Mfumu idutse mumsika ili pa machila, itanyamulidwa ndi amuna asanu ndi atatu, ndipo phazi lake lisaponde dothi la mumsika. Akuti agogo ake ena anaterereka pa khoko la nthochi pamaso pa anthu, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyo inasanduka mwambo. Mfumu Mlekeni nayo inali itamvera lamulo lake mokhulupirika. Alembi atatu ankaima pa tebulo kuwerenga chilichonse cholowa m'kamwa mwake, makamaka makeke, chifukwa makeke anali ndi manambala omveka bwino. Zimene inkadya itaimirira m'khonde sizinkawerengedwa, popeza alembiwo anawalemba ntchito ya pa tebulo. Onyamula machila, monga antchito a Mfumu, anayenera kupereka chitsanzo, choncho miyezi yonseyi ankadya za pa chikwangwani cha a Gwedeza.

Gulu linalowa mumsika dzuwa lili paliwombo, ng'oma patsogolo, nduna pambuyo. Litafika pa matelala, a Dafuleni, mkulu wa onyamulawo, anayankhula motsitsa kuti, "Anyamata, tatsitsani." Anatsitsa machila pansi mosamala ngati dengu la mazira, nakhala m'mbali mwake.

A Kapalamula anathamangira kutsogolo. "Dafuleni, chavuta n'chiyani?"

"Makalori atha, bwana."

"Atha bwanji? Mwalandira okwanira m'mawa uno. Ndasayinira ndekha."

"Anathera pa chitunda cha ku positi ofesi. Atsalawa ndi opumira."

A Kapalamula anatuma munthu kukaitana galimoto, koma magalimoto onse a kunyumba yachifumu anali atabwerekedwa ndi Bungwe, limene linali ku hotela ya kuphiri kukambirana za kupambana kwa lamulo. Nduna zinayi zinavula majekete n'kugwira mitengo ya machila. Machilawo sanazindikire kuti pali amene akuwanyamula. Wakabaza wina anadzipereka, koma kuti Mfumu ifike pa njinga inayenera kuponda pansi kamodzi, ndipo wosunga mwambo anapukusa mutu.

A Gwedeza anaona mwayi. Anabwera ndi mabotolo asanu ndi atatu, nawatsegula okha pamaso pa Mfumu. Onyamula anamwa, maso anayera, ananyamula machila, ng'oma zinayambiranso. Anayenda mapazi khumi ndi limodzi. Kenako anatsitsanso, ulendo uno pafupi ndi lichero la Nankhoma.

Mfumu inakhala pamenepo, ambulera ili pamutu, thukuta likutsikira mu kolala. Msika wonse unapitiriza ntchito mwaulemu waukulu, aliyense akuyang'anitsitsa katundu wake.

"Mayi inu," inatero Mfumu patapita nthawi, "mukuseka chiyani?"

"Sindikuseka, Mwini Dziko. Ndikuswa mtedza."

"Mtedza si woletsedwa?"

"Kugulitsa. Kuswa sanaletse."

A Dafuleni anagwada. "Mwini Dziko, ndiyankhule. Mayi awa akatiphikira, tikakufikitsani kunyumba, ndipo mukafuna tikakuzunguliraninso bwalo kawiri."

"Phikani, mayi," inalamula Mfumu.

"Khomo ndi lokhoma, Mwini Dziko."

"Anakhoma ndani?"

"Inuyo."

Mfumu inayang'ana a Kapalamula. A Kapalamula anayang'ana Lufeyo, amene anali m'gulu la oyendera misika atanyamula mbendera. Lufeyo anayang'ana thumba la malaya ake, m'mene munali kiyi.

A Kapalamula anawerama n'kunong'oneza Mfumu, mokweza ndithu moti mpaka wokhoma zidebe anamva. Anati sizingatheke kuphwanya lamulo pa tsiku lokondwerera lamulo lomwelo, anthu akuona. Koma panali njira. Kanyumbako kakanatha kutchedwa malo a kafukufuku wa boma, ndipo chodyedwa pa kafukufuku sichiwerengedwa ngati kudya.

"Chabwino," inatero Mfumu. "Mayi, mwamva. Ndinu kafukufuku."

"Zikomo, Mwini Dziko. Kafukufukuyo atha liti?"

"Lero lomwe," anayankha a Kapalamula. "Mfumu ikangonyamuka."

Nankhoma anatola mtedza wina n'kuuswa. "Ndiye mawa muno mulowa makatoni a a Gwedeza. Miphika yanga yachita fumbi, Mwini Dziko. Kuitsuka chifukwa cha tsiku limodzi, msana wanga sungavomere."

Ntchentche inatera pa mphuno ya Mfumu. Dzuwa linali litasuntha, ndipo mthunzi wa ambulera unali utagwera pa wogwira ambulerayo.

"Lembani," inatero Mfumu, "kuti malo ano akhala otsegula, m'manja mwa mayi awa, mpaka kafukufuku adzathe."

"Mwini Dziko," ananong'onanso a Kapalamula, "chiyambire ufumu uno, kafukufuku wa boma sanathepo."

"Ndikudziwa. Lembani."

Analemba, Mfumu inadinda, ndipo Nankhoma anapempha telala kuti amuwerengere kawiri. Atakhutira anapinda pepalalo n'kulimanga pa mfundo ya chitenje. Lufeyo anatsegula loko asanauzidwe n'komwe.

Zimene zinachitika kenako Bungwe silinazimvetse mpaka lero. Mumsika m'mene munalibe peyala kwa miyezi itatu munatuluka mapeyala dengu lathunthu. Bonongwe anachokera pansi pa tebulo la wogulitsa sopo. Wamakala anayatsa mbaula ziwiri, mtsikana wa tomato anasenda mbatata mwana ali kumbuyo, ndipo mtondo unamveka kuseri. Zinatenga ola limodzi ndi theka. Nthawi yonseyo Mfumu inakhala pa machila ikununkhiza, ndipo kawiri konse inafunsa ngati zapsa.

Onyamula machila anasamba m'manja mmodzimmodzi, Nankhoma akuwayang'ana. Mbale zinatuluka zisanu ndi zitatu, ndipo panalibe ziwiri zofanana. Wamtali wa kumbuyo analandira nyemba zambiri. Wina amene milomo inali itasweka analandira masamba ndi peyala lathunthu. Ya a Dafuleni inafunika manja awiri.

"Kachingwe, yeza mbalezo," anatero a Kapalamula. "Ndi kafukufuku ameneyu."

"Sikelo ndaiwala, bwana. Anati lero tinyamule mbendera."

Mfumu inatsokomola. "Mayi, kafukufukuyu ndiyenera kumuyendera ndekha."

Anaibweretsera beseni ndi madzi. Pamene inkasamba m'manja, Nankhoma anaiyang'ana. Anayang'ana khosi, maso, mimba, ndi akakolo otupa amene anatulukira pansi pa mkanjo. Panali patapita zaka zambiri munthu asanayang'ane Mfumu choncho, osafuna kanthu kwa iyo. Kenako analowa n'kutuluka ndi mbale: bonongwe mulu, nyemba chipande chimodzi, usipa pang'ono, ndi futali wa zidutswa zitatu za mbatata.

Mfumu inayang'ana mbale yake, n'kuyang'ana ya a Dafuleni.

"Ya uyo bwanji ili ngati chulu?"

"A Dafuleni anyamula inu, Mwini Dziko. Inu mwanyamula ndani?"

Anthu onse a mumsika anapeza mwadzidzidzi kanthu kofunika kukonza pa katundu wawo. A Kapalamula anatsegula pakamwa, koma Mfumu inali itayamba kale kudya, ndipo si mwambo kuyankhula Mfumu ikutafuna. Inamaliza zonse, mpaka bonongwe wotayitsa nthawi uja, n'kutambasula mbale.

"Onjezerani."

"Dikirani pang'ono, Mwini Dziko. Mimba imachedwa kupereka lipoti. Mukafika kunyumba muli ndi njala, mutume munthu."

Onyamula anaimirira, nadziwongola, nanyamula machila ngati muli mapilo okhaokha. Akuti pa chitunda cha ku positi ofesi nduna zinachita kuthamanga kuti zisatsalire. Kwa Nankhoma sikunabwere munthu wodzatengera Mfumu chakudya china.

Lamulo silinachotsedwe, chifukwa ku Mwadyanji malamulo sachotsedwa, amangokalamba. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti chikondwerero chayenda bwino, ndi kuti Mfumu mwa nzeru zake inaima mumsika maola awiri kukhazikitsa kafukufuku wofunika kwambiri. Inawonjezera kuti zotsatira zidzalengezedwa nthawi yake ikadzakwana.

Lachisanu m'mawa a Gwedeza anawoloka njira ndi wilibala ya makatoni, poganiza kuti mwina za dzulo zinali za dzulo. Anapeza chitseko chotsegula, mabenchi odzaza, ena akudyera chiimire panja. Telala anawawerengera pepala lija kachitatu, mosafulumira, akutsindika pa chidindo.

A Gwedeza anaima pakhomo nthawi yaitali, manja ali pa wilibala. Fungo la nsinjiro linkawapeza pomwepo.

"Ndiye makatoniwa ndipite nawo kuti?" anafunsa.

"Abwezeni kumene achokera, achimwene," anatero Nankhoma. "Koma poti mwabwera kale, beseni ilo."

A Gwedeza anayang'ana uku ndi uku, natsitsa wilibala, nasamba m'manja. Nankhoma anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku lamba, n'kuchepetsa mbatata.